Disiki ya PostgreSQL ikamadzaza mwezi ndi mwezi, fufuzani amene akusungitsa WAL

Uthenga wake sumasintha. Database yaima, a ku ofesi ya zachuma akuimba foni kuti malipiro sakudutsa, ndipo mukatsegula log mukupeza mzere wonga uwu:

`PANIC: could not write to file "pg_wal/xlogtemp.4821": No space left on device`

Mukalemba `df -h`, disiki ili pa 100%. Mwawonjezera malo, seva yadzuka, mitima yakhala pansi. Pakangopita masabata atatu kapena anayi, foni ija yaliranso.

Ndayang'anira ma database a PostgreSQL, pulogalamu yosunga ndi kuyendetsa deta, kwa zaka zingapo, ena pa makina a muofesi momwemo, ena pa AWS (makina obwereka a kampani ya Amazon), ndipo palibe vuto limene ndaliona likubwerera ngati ili. Kawirikawiri disiki siikhala yochepa. Chimene chimachitika n'chakuti pali wina amene anauza PostgreSQL kuti "mundisungire izi, ndibwera kudzatenga," ndiye sanabwerenso. PostgreSQL siphwanya pangano. Imasungabe katunduyo mpaka nyumba yonse kudzaza, ndipo kuwonjezera disiki kuli ngati kumangira katundu wa mwini chipinda china.

Musafufute kanthu mu pg_wal

Ndiyambe ndi ichi chifukwa munthu akadzutsidwa pakati pa usiku, dzanja limathamangira ku `rm`, lamulo lofufutira mafayilo. Mukalemba `du -sh` mupeza kuti foda ya `pg_wal` ndiyo yadya malo onse, yodzaza ndi mafayilo a mayina ataliatali a manambala, iliyonse ya 16MB. Amaoneka ngati zinyalala. Si zinyalala.

Taganizani za wagolosale amene ali ndi kope pakauntala. Akagulitsa sopo kapena kukongoza shuga, amayamba walemba m'kopemo, ndipo buku lalikulu la masamu amalilemba madzulo. Magetsi akathima kapena akadwala mwadzidzidzi, kope lija ndilo limanena zoona za tsikulo. WAL (Write-Ahead Log), imene imasungidwa mu foda ya `pg_wal`, ndi kope limenelo. Kusintha kulikonse kumayamba kwalembedwa mu WAL kusanafike m'mafayilo enieni a matebulo, ndipo seva ikagwa, PostgreSQL imawerenga WAL kuchokera pa checkpoint yomaliza (nthawi yomaliza imene inatsitsira zosintha zonse m'mafayilo a matebulo) kuti ibwezeretse zonse m'malo mwake. Mukang'amba masamba a kopelo, seva ikana kudzuka, kapena idzuka ndi ziwerengero zosagwirizana zimene mudzazizindikire patapita miyezi.

Anthu achita zimenezi kambirimbiri moti dzina la fodayi linachita kusinthidwa. Mpaka pa PostgreSQL 9.6 inkatchedwa `pg_xlog`, ndipo ena akaona mawu oti log ankaganiza kuti ndi zolemba wamba zoti n'kutaya. Kuyambira pa PostgreSQL 10, imene inatuluka mu 2017, imatchedwa `pg_wal`. Safunsa anadya phula.

Chimodzimodzi `pg_resetwal`. Pa intaneti mupeza anthu akuitchula ngati mankhwala. Imadzutsadi seva, koma imatero potaya kope lija. Ndi ya tsiku limene mulibe backup iliyonse ndipo mwavomera kuti zina zitayika. Disiki yodzaza si tsiku limenelo.

Kupeza mpata woti seva idzuke

Simufunika malo ambiri. Magigabaiti awiri kapena atatu amakwanira kuti PostgreSQL idzuke, imalize kudzikonza, inu mulowe n'kufunsa mafunso. Koma yambani mwatseka mapulogalamu amene amalemba mu database, apo ayi mpata umene mwaupezawo utha musanalembe funso loyamba.

Yang'anani zimene zili pa disiki yomweyo koma si za database: ma log akale, mafayilo a `pg_dump` amene wina anawasiya chaka chatha, zotsalira za `apt` kapena `dnf`. Ngati mwafufuta log yaikulu koma `df` sikusintha, pali pulogalamu imene yaigwirabe, ndipo `lsof +L1` ikuonetsani. Ngati disiki ndi ya ext4, kumbukirani kuti imasungira root (akaunti ya woyang'anira makina) 5% ya malo, amene `postgres` (akaunti imene PostgreSQL imayendera) saloledwa kuwakhudza. Pa disiki ya 500GB amenewo ndi 25GB. Lamulo la `tune2fs -m 1` limamasula ambiri mwa iwo nthawi yomweyo, osazimitsa makina.

Pa AWS mutha kukulitsa EBS, disiki ya kumeneko, makina ali moyaka, kenako `growpart` ngati pali partition, ndi `resize2fs` pa ext4 kapena `xfs_growfs` pa XFS. Onjezerani moyeza, chifukwa EBS ikakula sibwerera m'mbuyo, ndipo bilu yake imalipidwa m'madola mwezi uliwonse. Ife amene timayenera kupempha ndalama zakunja kubanki timadziwa kulemera kwake. Njira ina ndi kulumikiza disiki yatsopano, kukopera foda yonse ya `pg_wal` kumeneko seva ili chizimire, n'kusiya symlink (cholozera ku malo atsopanowo) pamalo pake. Kopani yonse pamodzi ndi `archive_status`, ndipo onetsetsani kuti mwini wake akadali `postgres`.

Seva ikadzuka musabwerere kukagona. Apa ndi pamene ntchito ikuyambira.

Woyamba kumukayikira: replication slot

Mwa milandu imene ndakumana nayo, yambiri inathera pano. Slot ndi pangano lija. Replica (seva ina yosunga kope la database yomweyo), kapenanso pulogalamu yokopera zosintha monga Debezium kapena AWS DMS, imalembetsa dzina pa seva yaikulu, ndipo kuyambira pamenepo PostgreSQL siitaya WAL imene wolembetsayo sanalandire. Cholinga chake n'chabwino: netiweki ikaduka, replica ikabweranso ipitirize pamene inalekera. Koma ngati simunaike malire, panganoli lilibe tsiku lotha.

Funsani motere:

`SELECT slot_name, slot_type, active, pg_size_pretty(pg_wal_lsn_diff(pg_current_wal_lsn(), restart_lsn)) AS yasungidwa FROM pg_replication_slots;`

Ngati muli pa standby, ndiye kuti pa replica, `pg_current_wal_lsn` sigwira, ikani `pg_last_wal_replay_lsn` m'malo mwake. Mukaona slot imene `active` yake ndi `f` ndipo yasungitsa magigabaiti mazana, mwamupeza. Pa PostgreSQL 13 kupita m'tsogolo onjezerani `wal_status` pa funsolo, ndipo pa 17 pali `inactive_since` imene imakuuzani nthawi imene slot inasiya kugwiritsidwa ntchito.

Kwina kumene ndinagwirako ntchito tinali ndi seva yaikulu ku Blantyre ndi replica ku Lilongwe. Lachisanu madzulo magetsi anathima kumene kunali replica, jenereta inayaka, dizilo n'kutha usiku, ndipo makina aja anakhala chizimire mpaka Lolemba. Kunali kutha kwa mwezi, ntchito yolemba inali yambiri. Seva ya ku Blantyre, imene inalibe vuto lililonse la magetsi, ndi imene inagwa Lamlungu m'bandakucha, chifukwa inkasungira mnzake WAL yonse ya kuyambira Lachisanu usiku. Makina amene tinagula kuti atipulumutse pa tsoka ndi amene anabweretsa tsokalo, ndipo cholakwa chinali chathu: sitinaike malire, komanso panalibe chotichenjeza kuti replica yasiya kulandira.

Slot yotero ili ndi njira ziwiri zokha. Ngati mwini wake alipo ndipo angathe kubwerera msanga, mudzutseni, alandire katundu wake, WAL itsika yokha. Ngati kulibe, kapena disiki sidikira, chotsani:

`SELECT pg_drop_replication_slot('dzina_la_slot');`

kenako `CHECKPOINT;` chifukwa mafayilo akale amachotsedwa pa checkpoint, osati pomwe mwachotsa slot. Slot imene ili `active` ikana kuchoka mpaka mutaimitsa pulogalamu imene yaigwira.

Musanachotse, dziwani mtengo wake. Replica wamba ingathe kupezanso WAL yosowayo ku archive (malo ena kumene mafayilo akale a WAL amakoperedwa) ngati ili ndi `restore_command`, apo ayi mudzaimanganso ndi `pg_basebackup`. Slot ya mtundu wa logical, imene mapulogalamu onga Debezium amagwiritsa ntchito, ndiyo yowawa: ikapita, zosintha zimene zinali zisanatumizidwe sizidzatumizidwanso, ndipo mbali inayo iyenera kukopera matebulo onse kuyambira pachiyambi. Imbirani mwini wake foni ngakhale ndi usiku. Koma pakati pa kumanganso replica ndi kugwetsa database imene ikulipira anthu, ine ndimasankha kumanganso replica, ndipo sindizengereza.

Pali mtundu wina umene umasokoneza anthu: slot ili `active`, pulogalamu ikuoneka yamoyo, koma WAL ikungokwera. Izi zimachitika kwambiri ndi Debezium. WAL ndi imodzi ya seva yonse, pamene slot ya logical imaona database imodzi yokha. Ngati database imeneyo ili phee koma ina pa seva yomweyo ikulemba usana ndi usiku, Debezium salandira kanthu koti avomereze, ndiye malo ake sasuntha. Mankhwala ake ndi `heartbeat.interval.ms` pamodzi ndi `heartbeat.action.query`, imene imalemba kamzere kamodzi mu tebulo laling'ono pafupipafupi kuti slot iziyenda. Tebulolo likhale m'gulu la matebulo amene slot ikuwatsata, apo ayi palibe chisinthe.

Yang'ananinso ma seva oyesera. Mukapanga makina oyesera kuchokera pa snapshot ya disiki ya seva yaikulu, ma slot onse amabwera nawo, koma kumeneko kulibe wowalandira. Amayamba kusungitsa tsiku lomwelo.

Ndipo slot yakufa sidya disiki kudzera mu WAL mokha. Ngati ili ndi `xmin` kapena `catalog_xmin`, imaletsanso VACUUM kuchotsa mizere yakale, ndiye matebulo amafufuma pang'onopang'ono.

Wachiwiri: archive yasiya kutumiza

Ngati ma slot ali bwino, pitani ku archive. `archive_mode` ikakhala yoyatsa, PostgreSQL siitaya fayilo ya WAL mpaka `archive_command` itanena kuti yaisunga bwino kwina. Lamulolo likalephera, imayesanso fayilo yomweyo, osadumphira ina, ndipo zonse za m'mbuyo mwake zimaima pamzere.

`SELECT archived_count, last_archived_time, failed_count, last_failed_wal, last_failed_time FROM pg_stat_archiver;`

Ngati `last_failed_time` ndi ya posachedwa kuposa `last_archived_time`, archive yaima. Werenganinso mafayilo othera ndi `.ready` mu `pg_wal/archive_status`. Masamu ake ndi osavuta: mafayilo 64 ndi 1GB, ndiye mukapeza 3,200 dziwani kuti 50GB ikudikira.

Chifukwa chake chimalembedwa mu log ya PostgreSQL, ndipo nthawi zambiri chimakhala chaching'ono mokhumudwitsa. Kiyi ya S3, malo osungira mafayilo pa AWS, inasinthidwa ndi a chitetezo koma seva sinauzidwe. Disiki ya NFS kumene kumapita archive yadzaza, kapena sinalumikizikenso makina atayakanso. Kiyi ya SSH ya seva ya backup inasintha itamangidwanso. Kapena fayilo ya dzina lomwelo ilipo kale kumeneko, yosatha kulembedwa, yotsala pa tsiku limene netiweki inaduka. Yesani lamulolo pamanja muli ngati `postgres`, osati root, chifukwa zimene root amaloledwa si zimene `postgres` amaloledwa. Amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya backup yotchedwa pgBackRest, `pgbackrest check` imayesa njira yonse.

Nthawi zina palibe chalephera, koma archive ikuchedwa. `failed_count` sikukwera, koma mafayilo a `.ready` akuchulukirachulukira chifukwa database ikulemba mofulumira kuposa mmene intaneti yanu ingatumizire fayilo imodziimodzi. Pa pgBackRest yatsani `archive-async` ndi kukweza `process-max` kuti mafayilo angapo azipita nthawi imodzi atapanikizidwa.

Pali njira ya mwadzidzidzi imene ndiyenera kuitchula pamodzi ndi chenjezo lake. Mukasintha `archive_command` kukhala `/bin/true` n'kulemba `SELECT pg_reload_conf();`, PostgreSQL iganiza kuti zonse zasungidwa, ndipo malo amasuka pa checkpoint yotsatira. Mwainamiza. Unyolo wa backup waduka pamenepo, ndipo backup yanu yakale singakufikitseni kupyola malo odukawo. Ngati mwakakamizika kutero, lembani nthawi yake, bwezeretsani lamulo lenileni mukangokonza vuto, ndipo tengani backup yathunthu tsiku lomwelo. Ndinapezapo seva imene inakhala ndi `/bin/true` kwa miyezi, eni ake akukhulupirira kuti ali ndi backup.

Ngati onse awiri alibe mlandu

Onani `wal_keep_size`, imene isanafike PostgreSQL 13 inkatchedwa `wal_keep_segments`. Wina angakhale anaikweza kalekale pothandiza replica. Onaninso `max_wal_size`. Imayamba pa 1GB, koma si khoma: ntchito ikachuluka PostgreSQL imadutsa malirewo. UPDATE imodzi ya mizere mamiliyoni, kumanga index pa tebulo lalikulu, kapena `VACUUM FULL` zimatulutsa WAL yochuluka pakanthawi kochepa. WAL ya mtundu uwu imatsika yokha ntchito ikatha, ndipo ndi pokhapa pamene disiki yaikulu ili yankho loona.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti kuchepetsa `max_wal_size` kungachulukitse WAL. Pambuyo pa checkpoint iliyonse, tsamba la 8KB likasinthidwa koyamba limalembedwa lonse mu WAL. Ma checkpoint akachuluka, masamba athunthu achulukanso. Ngati log ikudandaula kuti ma checkpoint akuchitika pafupipafupi, kwezani `max_wal_size` ndipo yatsani `wal_compression`.

Ndipo ngati `du` ikuonetsa kuti wadya malo si `pg_wal`, onani `pgsql_tmp`. Funso limodzi lolembedwa molakwika lingadzaze disiki ndi mafayilo osakhalitsa, ndipo `temp_file_limit` ndiyo imaliletsa.

Kuti lisabwerenso

Ikani `max_slot_wal_keep_size`. Inabwera ndi PostgreSQL 13 mu 2020, ndipo mukapanda kuikhudza imakhala -1, kutanthauza kuti palibe malire. Slot ikadutsa malire amene mwaika, PostgreSQL imaitaya pa checkpoint, `wal_status` n'kukhala `lost`, seva yaikulu n'kupulumuka. Nambala yake musaiganizire pamutu. Lembani `pg_current_wal_lsn` m'mawa ndi madzulo pa tsiku lotanganidwa, makamaka la malipiro, mupeze kusiyana kwake ndi `pg_wal_lsn_diff`. Ngati mukulemba 2GB pa ola ndipo mukufuna replica ithe kusowa Loweruka ndi Lamlungu, maola 48 amenewo ndi 96GB, ndipo disiki iyenera kukhala ndi malo oposa pamenepo. Ngati ilibe, tsitsani malirewo, muvomere kuti nthawi zina mudzamanganso replica. Pa PostgreSQL 18 palinso `idle_replication_slot_timeout`, imene imayeza ndi nthawi m'malo mwa kukula. Ku mbali ya archive, pgBackRest ili ndi `archive-push-queue-max`, imene imachita zofanana: imataya WAL kuti seva isagwe, ndipo ikatero backup yatsopano imafunika.

Machenjezo anu asamangoyang'ana disiki. Chenjezo la 90% limabwera mochedwa pa tsiku limene WAL ikukwera mofulumira, ndipo pa disiki imene imakhala pa 88% chaka chonse anthu amazolowera kulinyalanyaza. Chenjezani pa zoyambitsa: slot imene yakhala `active = f` kupitirira mphindi 30, WAL yosungidwa ikadutsa theka la malire anu, mafayilo a `.ready` akachuluka. Pa Prometheus, pulogalamu yoyang'anira mmene makina akuyendera, `predict_linear` pa `node_filesystem_avail_bytes` imakuuzani kuti pa liwiro limeneli disiki idzaza m'maola angati, ndipo funso lofunika ndi limenelo. Pa Amazon RDS, kumene AWS imakuyendetserani database, simungalowe mu `pg_wal`, koma CloudWatch ili ndi `FreeStorageSpace`, `TransactionLogsDiskUsage` ndi `OldestReplicationSlotLag`. Samalani ndi kudzikulitsa kwa disiki ya RDS. Kumakupulumutsani usiku, koma kumabisanso matenda: slot yakufa imangodya, disiki n'kumakula mpaka pa `max_allocated_storage`, inu mudzadziwira pa bilu.

Siyaninso fayilo yopanda ntchito pa disiki, mwachitsanzo `fallocate -l 5G`, yokhala ndi dzina lonena kuti ndi yofufuta pa ngozi. Tsiku loipa imakupatsani 5GB m'sekondi imodzi. Mukaigwiritsa ntchito, ibwezeretseni.

Tsopano ku Terraform ndi Ansible, zida zopangira ndi kukonzera ma seva potsatira zimene mwalemba m'mafayilo, kumene ndikuona kuti vutoli limabadwira masiku ano. Timalemba bwino kwambiri njira yopangira zinthu: makina atsopano, slot pa seva yaikulu, `pg_basebackup`, replica yadzuka m'mphindi makumi awiri. Njira yophwasulira sitiilemba. `terraform destroy` imachotsa makina a replica, koma slot ili m'kati mwa database ina, ndipo ngati inapangidwa ndi script kapena pamanja, Terraform saidziwa n'komwe. Imatsala, n'kuyamba kusungitsa. Playbook ya Ansible iliyonse yopanga slot ikhale ndi inzake yochotsa, zilembedwe tsiku limodzi ndi munthu mmodzi. Sungani mndandanda wa ma slot ovomerezeka mu Git momwe muli zina zonse, ndipo kantchito ka tsiku ndi tsiku kaziyerekeza mndandandawo ndi `pg_replication_slots`. Kakapeza slot yachilendo kazichenjeza munthu, kasamachotse kokha, chifukwa script singadziwe ngati mwini slot wasamuka kapena wangothimitsidwa magetsi. Amene muli pa Patroni, pulogalamu yoyendetsa seva yaikulu ndi ma replica ake, dziwani kuti iye amayang'anira ma slot yekha ndipo angachotse amene sakuwadziwa, choncho a Debezium ndi ena otero alembeni m'makonzedwe ake ngati okhazikika.

Mayina nawonso. `slot1` kapena `test` sakuuzani woti mumuimbire. `debezium_malipiro_zachuma` amakuuzani pulogalamu, ntchito yake ndi ofesi yake.

Ngati usiku uja munakulitsa disiki pamanja, m'mawa mwake sinthani nambalayo mu Terraform musanaiwale. Mukapanda kutero, mnzanu adzalemba `terraform plan` sabata yamawa pa nkhani ina, adzapeza kuti ikufuna kubwezera disiki pa kukula kwakale, chinthu chimene EBS salola, ndipo ntchito yake idzaima pamenepo. Mukatero tengani backup yathunthu, muibwezeretse pa makina ena, mutsegule tebulo la malipiro, muone ngati mzere womaliza ndi wa ola limene mukuyembekezera.